Wogulitsa Mankhwala ndi Mfuti: Kodi Mlandu Wake Ulekeza Pati?

Okalamba a mitundu yonse ali ndi nyimbo imodzi, ndiyo yakuti kale zinthu zinali bwino. Ife amene imvi zayamba kutituluka tiyenera kuchenjera poiseka nyimbo imeneyi, pakuti posachedwa tidzakhala tiri kuiimba tokha. Koma pali chikumbukiro china cha okalamba a ku America chimene chatigwira mtima masiku ano, ndipo tifuna kuchiika pamaso pa owerenga athu, kuti tichiyese pamodzi monga ayesa mlandu pabwalo, kumva mbali iyi ndi mbali iyo.

M'midzi yaing'ono ya dziko lija, makamaka chisanafike chaka cha 1968, munali masitolo a mankhwala osafanana ndi zipinda zoyera zimene tiziona m'mizinda lero. Mwini sitolo anali munthu wophunzira kusanganiza mankhwala, wokhala ndi chilolezo cha boma. Koma popeza mudzi unali waung'ono, ndi odwala sanachuluke kokwanira kumdyetsa iye ndi ana ake, anaikamo zinthu zinanso zambiri: sopo, fodya, mapepala olembera kalata, mbedza za nsomba, mankhwala a ng'ombe ndi a nkhuku, ndi zakumwa zozizira. Ngakhale Coca-Cola amene ana athu amwa pa Khrisimasi anayamba kugulitsidwa m'sitolo ya mankhwala, mu mzinda wa Atlanta, chaka cha 1886, ndipo John Pemberton amene anamkonza anali wosanganiza mankhwala. Tsono m'masitolo ena otere, pakhoma la kumbuyo, panapachikidwa mfuti zitatu kapena zinai, ndi pansi pake mabokosi a zipolopolo. Ichi sichinali chobvuta kuchita, pakuti mwa lamulo la 1938 chilolezo cha kugulitsa mfuti chinali cha dola imodzi yokha pa chaka.

Nkhalamba imene inasunga sitolo yotere ikakhala pansi kukumbukira, nkhani yake imayenda motere: kuti mlimi analowa m'mawa kudzagulira mkazi wake mankhwala a chifuwa, natuluka ndi botolo m'dzanja ili ndi bokosi la zipolopolo m'dzanja ilo, kuti mnyamata anadza ndi atate wake kudzasankha kamfuti kophera akalulu, nalipira pang'onopang'ono ndi ndalama za ganyu, kuti panalibe kulemba zikalata zambiri kapena kufunsa ku boma, ndi kuti pa zaka zonsezo sinamve kuti mfuti yotuluka m'sitolo mwake inapha munthu. Potsiriza imapukusa mutu niti, Masiku amenewo tinali kudziwana.

Funso lathu ndi ili: Kodi munthu wogulitsa chinthu chokhoza kupha ali ndi gawo m'zimene wogula akachita nacho? Kapena gawo lake litha pamene ndalama yalowa m'kabati, ndi wogula watuluka pakhomo?

Tiyambe ndi kumchitira chilungamo wogulitsayo, pakuti ali ndi mau omveka. Kwa mlimi wa kumidzi ya ku America mfuti inali chida cha ntchito. Nkhandwe zinamdyera nkhuku, akalulu anamuonongera mbeu, ndipo nyama ya gwape yophedwa m'mwezi wa Novembala inadyetsa banja m'miyezi ya chisanu. Ogula ambirimbiri sanaganizepo za kuloza munthu. Ndipo kwathu kuno, wosula akasula nkhwangwa, wina nakatema nayo mnzake kumowa, sitinka kukagwira wosulayo. Chingwe chipha, mpeni upha, palafini atentha nyumba ndi eni ake ali m'tulo; tikati wamalonda aliyense ayankhe pa zonse zimene katundu wake akachita, posachedwa misika idzakhala yopanda kanthu. Palinso choopsa china choposa ichi. Tikamsenzetsa wogulitsa katundu yense, tampeputsira wakuphayo, monga ngati iye analibe mtima wa kusankha. Ife aphunzitsi timdziwa bwino mwana amene akaswa galasi la pazenera ati, Si ine, mnzanga ndiye anandibwereka legeni. Sitimlola kuthawira kumeneko, ndipo tichita bwino posamlola.

Mau awa ndi olemera, ndipo sitiwataya. Koma taonani chodabwitsa. Munthu yemweyo amene anapachika mfuti pakhoma poyera anali ndi kabati ina yokhoma ndi loko, ndi buku lokhala pambali pake. M'kabatimo munali ululu, ndiwo mankhwala akupha. M'bukumo analemba dzina la yense wogula. Ndiko kunena kuti ntchito yake yomwe inali itakana kale mau aja akuti wogula adzaona yekha.

Chiyambi cha buku limeneli tichipeza ku England. Kunali ufa woyera wopanda fungo, dzina lake arsenic, umene anthu anagula pa mtengo wochepa kuphera makoswe. Ndipo ena anaphera nao amuna ao, akazi ao, ngakhale ana ao, pouthira m'chakudya. Chifukwa chake chaka cha 1851 nyumba ya malamulo inalamula kuti wogulitsa ufawu alembe m'buku dzina la wogula, kumene akhala, ntchito yake, kuchuluka kwa ufa, ndi chimene ati akachita nao, ndipo onse awiri asaine; kuti ausanganize ndi mwaye kapena utoto wakuda wa indigo, kuti ukathiridwa m'phala uoneke; ndi kuti asagulitse kwa munthu wosamdziwa, koma pakhale mboni yodziwa onse awiri. Patapita zaka 7 kunagwa tsoka ku Bradford. Mwini sitolo ya mankhwala anali gone ndi matenda, natuma mnyamata wake wosazolowera ntchito kukatunga ufa wosapweteka umene opanga maswiti anauonjezera ku shuga pofuna kuchepetsa mtengo. Mnyamatayo anatunga m'mbiya ina, napereka mapaundi 12 a arsenic. Maswitiwo anagulitsidwa pamsika. Anthu ngati 20 anafa, ana ali pomwepo, ndi ena ngati 200 anadwala. Bwalo la milandu silinapeze wina wolakwa wakuti amlange. Koma tifunse, ndani wa ife akadakonda kukhala mwini sitoloyo, womasulidwa ndi bwalo, pomva mabelu a maliro? Chaka cha 1868 lamulo linakuzidwa, nilikhudza mitundu ina yambiri ya ululu, ndipo mau aja anabwerezedwa: kwa munthu wosamdziwa usagulitse. Zigawo zambiri za ku America zinaika malamulo onga omwewo, ndipo kuyambira 1914 mankhwala oledzeretsa monga morphine anayamba kulembedwa ndi kuwerengedwa m'dziko lonselo.

Tsono tibwerere ku mau a nkhalamba ija, akuti tinali kudziwana. Iye awanena monga chodzikanira, koma ife tiwamva monga chibvomerezo. Pakuti ngati kudziwana ndiko kunasunga mudzi, ndiye kuti diso la wogulitsa linali kugwira ntchito. Linaona amene waledzera, amene wakangana ndi mnansi wake za malire a munda, amene mkazi wake wamthawa dzulo. Ndipo wosanganiza mankhwala anadziwa zoposa wamalonda wina aliyense m'mudzimo, popeza makalata a dokotala anapita m'manja mwake: anadziwa amene sagona tulo, amene amwa mankhwala okhazika mtima, amene dokotala wamuuza kuti nthenda yake siichira. Munthu wodziwa zotere sali ngati wosula nkhwangwa amene aiika pamsika nachoka. Ali ngati mlonda wa pachipata; ndipo mlonda, pamene timtama kuti mudzi unagona bwino chifukwa cha iye, tanenanso kuti akadagona iye ukadakhala mlandu wake. Sangalandire chitamando nakana mlanduwo.

Tikhulupira kuti ambiri a iwo anali alonda abwino, ndi kuti panali masiku amene wogulitsa anati, Zipolopolo zatha, ubwere sabata la mawa, mabokosi ali tho pansi pa thebulo. Bodza lotere tilisiya kwa ena aliweruze. Ife sitifulumira kuliponya mwala.

Koma diso la munthu liri ndi zilema zake, ndipo nkhalamba ikamakumbukira siizitchula. Choyamba, diso likondera. M'zaka zomwezo zimene akuti anthu anali kudziwana, m'zigawo zambiri za dziko lija munthu wakuda analoledwa kugula mankhwala m'sitolo, koma sanaloledwe kukhala pampando ndi kumwa chakumwa pa thebulo lomwelo. Mu Ogasiti 1958 mphunzitsi mnzathu, mai Clara Luper wa ku Oklahoma City, anatenga ana 13 nakakhala nao pa thebulo la sitolo ya mankhwala ya Katz, napempha zakumwa, nakanizidwa. Ndipo anabwerabwera kufikira eni sitolo anagonja patapita masiku owerengeka. Diso limene linakaniza mwana chakumwa chifukwa cha khungu lake, kodi tiliyesa loongoka posankha woyenera mfuti ndi wosayenera? Mbusa Martin Luther King, nyumba yake itaponyedwa bomba ku Montgomery mu Januwale 1956, mkazi wake ndi khanda ali momwemo, anapempha chilolezo cha kuyenda ndi mfuti, ndipo akuluakulu a kumeneko anamkaniza. Pambuyo pake iye mwini anataya maganizo a mfuti, nasankha njira ina. Koma amene anamkanizawo sanatero chifukwa cha kukonda mtendere.

Chachiwiri, diso liona okhawo amene liwadziwa, ndipo dziko linakula koposa mudzi. Miseu inakonzeka, magalimoto anachuluka, ndi mlendo anakhoza kuima pa sitolo, nagula, napita, osaonekanso. Ndipo panali njira ina yosafuna nkhope konse. Mu Malichi 1963 Lee Harvey Oswald anaona chilengezo m'magazini, natumiza madola 21 ndi masenti 45 ku sitolo ina ya ku Chicago, nalemba dzina lonama la A. Hidell, mfuti inamfikira pa positi ku Dallas, ndipo pa 22 Novembala chaka chomwecho anaphera nayo Pulezidenti John Kennedy. Amene anakulunga mtokomawo sanaone maso a munthu. Anaona pepala ndi ndalama. Amene anapha Mbusa King mu Epulo 1968 anali wothawa kundende, nagula mfuti yake pa thebulo la sitolo ku Birmingham, nayenso ndi dzina lonama. Patapita miyezi iwiri Robert Kennedy anaomberedwa. Pamenepo dziko linatopa, ndipo mu Okutobala 1968 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo latsopano: kutumiza mfuti pa positi kwa munthu wamba wa chigawo china kunaletsedwa, wogula mfuti yaitali m'sitolo akhale wa zaka 18, wogula yaifupi ya dzanja limodzi wa zaka 21, ndipo wogula adzaze chikalata cha boma chonena kuti sali mwa oletsedwa, monga opezeka ndi milandu yaikulu. Chaka cha 1993 linadza lamulo lotchedwa ndi dzina la James Brady, amene analasidwa m'mutu mu 1981 pamene munthu wina anafuna kupha Pulezidenti Ronald Reagan. Ilo linalamula kufufuza mbiri ya wogula m'mabuku a boma, nilikweza mtengo wa chilolezo cha wogulitsa kufika madola 200 pa zaka zitatu. Ogulitsa okhala ndi chilolezo anali pafupifupi 245,000 kuchiyambi kwa 1994. Pofika 2007 anatsala osakwana 60,000. Ambiri a iwo amene analeka anali ang'onoang'ono, ogulitsa mfuti zochepa pa chaka. Motero tiona kuti buku limene ululu unalandira mu 1851, mfuti inalilandira mochedwa ndithu, ndipo inalilandira pa chifukwa chomwecho, ndicho maliro.

Chilema chachitatu ndicho chimene chitisautsa koposa, ndipo tipempha owerenga atilole kukhalapo pang'ono. Nkhalamba iti, Sindinamve kuti mfuti yanga inapha munthu. Tibvomera kuti sinamve. Koma kusamva sikuli kusachitika. Tikamva za mfuti timaganiza za achifwamba ndi ambanda. Koma ku America imfa zambiri za mfuti siziri za munthu kupha mnzake iai. Chaka cha 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dzikomo, ndipo mwa iwo 26,328 anadzipha okha, ndiko kuposa theka. Imfa zotere zichuluka kumidzi koposa m'mizinda, ndiponso pakati pa amuna achikulire, ndiwo anthu omwe aja amene sitolo ya kumudzi inawatumikira. Ndipo imfa yotere ndi imene mabanja amaibisa, kwao monganso kwathu. Kale anthu anati, Inaphulika yokha ali kuipukuta. Ndipo a m'mudzi, pomvera chisoni wamasiye, anabvomera osafunsa. Wogulitsa anapita kumaliro, naimba nao nyimbo, nabwerera kusitolo ndi mtima woyera.

Wina adzati, Munthu wofuna kufa adzafa ndithu. Ukammana mfuti adzapeza china. Mau awa amveka ngati nzeru, koma madokotala amene alondola nkhani zimenezi apeza zosiyana nao. Mdima umene umgwera munthu kufikira afuna kudzichotsa moyo kawirikawiri sukhalitsa pa ukali wake; uli ngati mvula ya mkuntho, imene ikalipa ola limodzi kapena awiri niipita. Mwa anthu 10 amene ayesa napulumuka, ngati 9 sadzafanso ndi dzanja lao. Koma mfuti sipatsa mpata wa kupulumuka. Mwa 10 amene ayesa ndi iyo, pafupifupi 9 afa pomwepo. Chifukwa chake chimene chiri pafupi ndi dzanja pa ola loipalo ndicho chiweruza ngati munthu adzaona m'mawa. Ndicho chifukwa ku Britain, kuyambira 1998, mankhwala a paracetamol, amene ife tiwatcha panado, agulitsidwa m'timapaketi tating'ono, mibulu 16 m'sitolo wamba ndi 32 m'sitolo ya mankhwala. Lamulo la Brady nalonso poyamba linaika masiku asanu a kudikira pogula mfuti yaifupi. Kudikirako kunatha mu 1998, pamene kufufuza kwa pa kompyuta kunayamba kuyankha m'mphindi zochepa. Koma zigawo zina zisunga kudikira kwao, monga California, kumene wogula adikira masiku 10. Wogulitsa sakhoza kuchiritsa mtima wosweka, koma m'dzanja lake muli chinthu chimodzi chimene munthuyo achisowa koposa zonse, ndicho nthawi.

Tsono kodi tinene kuti lamulo latha nkhani, ndi kuti buku lalowa m'malo mwa diso? Buku liri ndi ubwino wake: silikondera khungu, siliopa mwana wa mfumu, ndipo lidziwa mlendo amene diso silimdziwa. Koma liri ndi msampha wake, ndiwo wakuti munthu abisala kumbuyo kwake. Ife tiudziwa msampha umenewu m'sukulu. Mphunzitsi aitana maina m'mawa, nalemba kuti onse alipo, natseka kaundula wokondwa. Koma kuti mwana wa pa benchi lachitatu wagona ndi njala masiku awiri, kaundula alibe danga lolembamo zimenezo.

Imvani chimene chinachitika m'chigawo cha Missouri mu Juni 2012. Mai wina anaimba lamya ku sitolo yogulitsa mfuti m'tauni yaing'ono, nawauza kuti mwana wake wamkazi, munthu wamkulu ndithu, adwala nthenda yaikulu yosokoneza maganizo. Kuti anagulapo kale mfuti m'sitolo momwemo, makolo namlanda. Ndi kuti posachedwa alandira ndalama, ndipo adzabweranso. Anawapatsa dzina lake ndi tsiku lake lobadwa, nawadandaulira kuti asamgulitse. Patapita masiku awiri mwanayo anafika. Anadzaza chikalata, mabuku a boma sanapeze choletsa, anamgulitsa. Tsiku lomwelo anapita kunyumba naombera atate wake, nafa. Pa pepala zonse zinali zoongoka, ndipo ku America kuli lamulo la 2005 lotchinjiriza opanga ndi ogulitsa mfuti ku milandu ya zimene ogula akachita. Koma lamulo lomwelo lisiya khomo lotsegula pa iye amene apereka mfuti kwa munthu amene adziwa, kapena ayenera kudziwa, kuti akapweteka nayo. Ndipo mu 2016 bwalo lalikulu la Missouri linalola kuti mlandu wa maiyo umveke, eni sitolo nabvomera kulipira madola 2.2 miliyoni. Ndalama sizinautse wakufayo. Tingoona kuti palibe lamulo limene linawakakamiza kugulitsa tsiku lija. Wogulitsa ali ndi ufulu wa kukana.

Apa ndipo tipeza malire amene tinali kufuna. M'chilamulo cha Mose muli mlandu wa ng'ombe yogunda munthu nafa. Ngati inachita mwadzidzidzi, mwini wake amasulidwa. Koma ngati inali yogundagunda kale, mwiniyo nachenjezedwa, osaitsekera, mwazi uli pamutu pake. Makolo athu anaweruza chimodzimodzi za galu woluma. Muyeso suli pa chinthu chokha, uli pa chimene mwini anadziwa. Wogulitsa sayankha pa zobisika za mumtima wa munthu, pakuti sanapatsidwe kuziona. Ayankha pa zimene anadziwa. Ayankhanso pa zimene akadadziwa akadafunsa funso limodzi, koma sanafunse poopa kuti yankho lingamtayitse malonda. Gawo lachiwirili ndilo anthu ambiri alizemba. Pali kusadziwa kwa munthu wosalakwa, ndipo pali kusadziwa kochita kulima ndi kupalira, kwa iye amene ayang'ana ndalama kuti asayang'ane nkhope. Ndipo chinthu chikakula ukali wake, funso likulanso kufunika kwake: wogulitsa singano safunsa kanthu, wogulitsa nkhwangwa afunsa pokhapokha wogula akadza ali kutukwana dzina la mnzake, koma wogulitsa ululu kapena mfuti ayenera kuyang'ana yense.

Sitinena kuti wakuphayo wapepukidwa. Mlandu suli ngati mkate, wakuti wina akadyako wa mnzake uchepa. Woomba mfuti asenza wake wonse, ngati mutu wake unali wolungama. Wogulitsa wosasamala asenza wina, wake wa iye yekha.

Kuti zimenezi sizili maloto a aphunzitsi osadziwa malonda, tiona ku New Hampshire. Chaka cha 2009 anthu atatu osadziwana anagula mfuti m'sitolo imodzi pa masiku osakwana sabata, ndipo yense wa iwo anadzipha patapita maola ochepa. Onse anali atadzaza zikalata bwino lomwe. Mwini sitoloyo akadakhoza kunena, Lamulo ndalisunga. Koma nkhaniyo inamlasa mtima, ndipo anakhala pansi pamodzi ndi ogulitsa anzake ndi anthu a zachipatala, amene pa nkhani zina za mfuti sanali kumvana nao konse, nakonza malangizo a ogulitsa. Anati achenjere ndi wogula wosadziwa kanthu za mfuti ndi wosafuna kuphunzira; wosasamala kuti agula iti; wosayang'ana munthu kumaso; wotchula kuti ukwati watha kapena ntchito yamthera. Wotere amfunse chimene afunira mfuti, amchedwetse, amkanize ngati mtima sumasuka, ndi kumuuza kumene angapeze thandizo. Pafupifupi theka la masitolo a mfuti a m'chigawomo analandira mapepalawo nawapachika, ndipo zigawo zina zambiri zatsanzira. Tikayang'anitsa, si chinthu chatsopano. Ndi diso lomwe lija la wosanganiza mankhwala wa kumudzi, limene tsopano achita kuliphunzitsa, popeza anthu sadziwananso.

Owerenga ena adzati, Izi nza ku America. Kwathu kuno mfuti sizipachikidwa m'sitolo. Nzoona. Koma tiri nayo mfuti yathu yopanda phokoso, ndipo igulitsidwa pamphasa, pakati pa machesi ndi singano. Tinena za mankhwala a makoswe aja akuda amene anthu awatcha tameki, ndi mankhwala ena a mbeu ogawidwa m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina. Anamwino a m'zipatala zathu adziwa chimene achita. Palibe kabati yokhoma, palibe buku, palibe mboni.

Ndipo pano tiyenera kuulula kanthu ka ife eni. Makoswe anatisautsa m'chipinda chosungira mabuku a sukulu, nadya makope a ana ndi mapu a dziko lonse kuyambira ku Asia. Tsiku la msika tinapita kukafuna mankhwala, ndipo tinapeza kuti wogulitsa ndi mnyamata amene tinamphunzitsa kale, wosakhoza masamu koma waulemu. Anaimirira, natilonjera ndi manja awiri, natikulungira kapepala kathu. Tiri chiimire pomwepo kufunsana za kumudzi, anafika mtsikana wa zaka ngati 16, wofunda chitenje kumutu dzuwa liri kuswa mtengo. Sanapereke moni, sanafunse mtengo, sanatsutse. Anatula ndalama pamphasa, naloza ndi chala. Maso ake anali ofiira. Mnyamatayo anampatsa, osaleka nkhani imene anali kutiuza, ndipo mtsikanayo analowa m'khamu la anthu.

Ife tinaona zonsezi. Tinazindikira ndithu, pakuti zaka zambiri za kuima patsogolo pa ana zatiphunzitsa kuwerenga nkhope. Koma tinati mumtima, Si mwana wa sukulu yathu. Kapena ndi chimfine. Munthu wamkulu kuitana mtsikana wosamdziwa pakati pa msika, anthu adzati chiani? Tinatsazika, ndi kupita kukagula tomato.

Sabata lotsatira tinabwerera ku mphasa ija, ndi kumfunsa mnyamatayo kuti mtsikana uja ngwa kwa yani. Anaganiza nthawi, nakanda m'mutu monga anachitira pa masamu, nati, Pepani aphunzitsi, uti ameneyo? Tsiku lija anagula anthu ambiri.